Monga Mukudziwa, Achimwene

Kunyumba kwawo ankamutchula kuti Wailesi chifukwa sankalankhula. Anayambitsa dzinali anali achimwene ake, ati wailesi yakutha mabatire, ndipo linamukanirira mpaka kusukulu, kumene aphunzitsi ena anamuphunzitsa mpaka kumaliza osadziwa kuti mawu ake amamveka bwanji. Ndiye tsiku limene amalume ake anafika ndi mapepala m'khwapa, n'kulengeza kuti akufuna mtsikana woti akhale mchemwali wa wapolisi mufilimu yawo, nyumba yonse inaseka kuona Wailesi atakweza dzanja ngati akadali m'kalasi.

"Iweyo?" anafunsa amayi ake, ulusi uli pakamwa.

Iye anangogwedeza mutu.

Panali chinthu chimodzi chimene anali asanauzepo munthu. Chilembereni mayeso omaliza, ntchito yake inali kusokerera mabatani ndi kusita zovala zimene amayi ake, omwe anali telala, amaliza kusoka. Koma akangotsala yekha, ankaima pagalasi lalitali loyeserapo zovala n'kumalankhula ngati anthu ena: mzimayi wokana kuti wanenepa pamene diresi lakana kutseka, kondakitala wolimbana ndi munthu wa katundu, ahedi okalipa pa asembule. Mawu a eni ake ankatuluka okha. Ovuta anali ake. Choncho gawo la mufilimuli ankalifuna kuposa mmene anafunirapo china chilichonse, ndipo ankachita manyazi kuti akulifuna chotero.

Amalumewo, omwe anali mzime m'banja la amayi ake, ankakonza mafoni pakabenchi pafupi ndi depoti ya mabasi. Mafilimu a apolisi anali ataonera ambirimbiri m'mafoni a makasitomala podikira kuti eni ake abwere, moti tsiku lina anangoti nawonso atha kupanga yawo. Nkhani yawo inali yoti munthu wapezeka atafa m'chipinda cha telala, ndipo wapolisi wodzafufuza ndi mwana wa telala yemweyo. Sanakaifunire patali nkhaniyi. Chipinda cha telala chinalipo kale, cha windo lalikulu lolowetsa kuwala. Mwana wa telala analiponso: achimwene ake a Wailesi, amene anali atangobwerako kutali kumene anakhala zaka zingapo pantchito, n'kubwera ndi chikwama chimodzi ndi nthabwala zosatha.

Loweruka m'mawa anakankhira makina osokera kukhoma. Foni anaimangirira ndi mphira pandodo ya chokolopera, ndodoyo n'kuizika m'ndowa ya mchenga. Mtembo unali mapilo awiri ofunditsidwa nsalu ya makatani, ndipo kuti uoneke ngati munthu, amalume anavula nsapato zawo n'kuziika kumiyendo, iwo n'kumayendetsa filimu atavala sokosi zokha. Achimwene anavala yunifolomu ya mlonda wina imene inabwera kudzachepetsedwa, mapini akadali kumsana.

"Chete nonse," anatero amalume. "Wailesi, ukangoona ndatsitsa dzanja, yamba."

Mawu ake anali atawaloweza bwinobwino. Papepala analembedwa motere: "Achimwene, monga mukudziwa, inu ndinu achimwene anga aakulu, amene munachoka panyumba pano zaka zisanu zapitazo kukaphunzira upolisi, n'kundisiya ine mchemwali wanu wamng'ono ndi amayi athu, amene ndi telala. Tsopano mwabwera chifukwa m'chipinda chino, chimene amayi athu amasokeramo, mwapezeka munthu wakufa, amene ndi uyu."

Akatero, achimwene ankayenera kuyankha kuti: "Zoonadi mchemwali wanga. Ndipo monga ukudziwa, ine ndimaopa magazi chigwereni panjinga ndili mwana, zomwe zidzakhale zofunika kutsogoloku."

Dzanja linatsika.

"Achimwene, monga mukudziwa, inu ndinu..."

Anathera pomwepo. Patsogolo pake panali munthu amene anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, amene mapazi ake ankawadziwa ndi fungo lomwe, ndipo iye ankayenera kumudziwitsa kuti ndi achimwene ake.

"Ndine ndani?" anafunsa achimwene. "Tandiuza msanga, mwina ndasochera nyumba."

"Iwe usamuseketse," anatero amalume. "Tiyambirenso."

Anayambiranso. Ulendo uno anafika pa "aakulu", mawu n'kumira. Ulendo wotsatira anamaliza zonse, koma mothamanga ndi mwapansipansi ngati mwana wowerengetsera samu, maso ali pa nsapato za mtembo. Amalume atamvetsera pafoni, chinamveka bwino chinali tambala wa aneba.

"Amalume," anatero Wailesi, ngakhale kufunsa sikunali kwake. "Kodi iwowa sakudziwa kuti ndi achimwene anga?"

"Akudziwa."

"Nanga ndikuwauziranji?"

"Sukuuza iwowa. Ukuuza anthu oonera."

"Ndiye ndiziyang'ana foniyo?"

"Ayi, kamera sayang'ana. Uziyang'ana achimwene ako."

"Koma ndikuuza anthu."

"Eya."

"Ndikuyang'ana iwowa."

"Wamva bwino. Chavuta n'chiyani?"

Chovuta chinali choti m'moyo mwake Wailesi anali asanamvepo munthu akulankhula chonchi. Achimwenewo atafika kuchokera kutali kuja, amayi anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Wawonda." Basi. Palibe anawauza kuti ndi mwana wa ndani.

"Bwanji ndingonena kuti, 'Mwabwera?'" anatero. "Iwo ayankhe kuti, 'Ndabwera.' Kenako amayi adutse osawayang'ana. Anthu adziwa okha."

Amalume anamuyang'ana ngati foni yogwera m'madzi.

"Anthu adziwa okha? Iwe anthu ukuwadziwa? Amabwera kwa ine akulira kuti foni yafa, ine kungodina batani loyatsira, foni n'kuyaka. Anthu amenewo ndi amene adziwe okha? Filimu imeneyi adzaonera m'minibasi, chomvera chimodzi m'khutu, khutu linalo kondakitala akukuwiramo. Wina ayambira pakati, wina atsika isanathe. Woonera ali ngati mlendo, mwana iwe. Sungangomupatsa mpando osamuuza kumene kuli chimbudzi."

"Ndiye chimbudzicho ndine?" anafunsa achimwene.

"Iwe ndiwe wapolisi. Imirira bwino, mapini akuoneka."

Apa m'pamene mawu ena analowera pawindo, okwera ngati a wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika.

"Achimwene, monga mukudziwa, inu ndinu achimwene anga aakulu, amene munachoka panyumba pano zaka zisanu zapitazo..."

Anali Belu, mwana wa aneba, mnzake wa kalasi imodzi ndi Wailesi. Dzinalo analipeza chifukwa akaseka kumapeto kwa msewu, kuno ankadziwa kuti wadzuka. Anali atatsamira pawindo chiyambire, akutafuna chingamu, ndipo mawu onse anali atawatola pongomvetsera. Anawanena mpaka pa "amene ndi uyu", n'kuloza mapilo ndi manja awiri, n'kumwetulira. Iye sizinkamuvuta. Mukanamuuza kuti adziwitse khoma kuti ndi khoma, akanatero mosangalala.

"Mwamva?" anatero amalume. "Zosavuta ngati kumwa madzi."

Wailesi anabwerera pamalo pake.

Anayesanso kangapo konse. Amalume anati akweze mawu, anakweza, ndipo zinamveka ngati akuitana mayina m'kalasi. Anati anene akumwetulira chifukwa wasangalala kuona achimwene ake. Anamwetulira, koma achimwene anafunsa kuti ndi mchemwali wanji woseka pambali pa mtembo. Anati anene molira. Misozi inali pafupi ndithu, koma sinali ya mufilimu, ndipo anaibweza. Dzuwa linachoka pawindo n'kukwera padenga, chipinda chinayamba kutentha, ndipo mtembo unaphwa mbali imodzi moti anachita kuuwomba kuti ufufume.

"Tamvera, Wailesi," anatero amalume, akupukuta thukuta ndi mapepala a filimu. "Ndiwe mwana wa achemwali anga, koma filimu ilibe chibale. Tipume pang'ono. Tikabwerera, ukalepheranso, alowa Beluyu. Iweyo uzigwira ndodoyi kuti isamagwedere."

Wailesi anatenga maginito a amayi ake n'kulowa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, ati kukatola mapini amene anagwa. Mapiniwo anali atatu okha, koma pansi pa tebulo palibe amene amakuona nkhope. Anakhala pamenepo pakati pa tizidutswa ta nsalu, akutukwana mumtima pepala lija liwu ndi liwu. Ndani amanena kuti "amene ndi telala" za mayi ake omubereka? Ndani amaloza mtembo n'kuuza wapolisi kuti wakufayo ndi uyu, ngati wapolisi angasokoneze n'kunyamula wamoyo? Koma ankadziwanso kuti akangogwira ndodo ija, wagwira mpaka kalekale. Adzati tinamupatsa mwayi, wailesi inakana kulira.

Ali pansi pomwepo anaona mapazi a amayi ake akulowa. Mapaziwo analunjika kumakina.

"Achemwali, dikirani pang'ono," anatero amalume. "Makinawo akalira, mawu samveka."

"Mawu ake ati? Chiyambire m'mawa ine ndamvapo mawu muno?"

Wailesi anafinya maginito m'manja.

"Ndili ndi madiresi a aperekezi a ukwati, eni ake abwera madzulo ano," anapitiriza amayi. "Ndiwauza chiyani? Kuti pepani munali maliro a mapilo?"

"Kamphindi kochepa chabe. Inunso mudzanyadira dzina lanu likadzaoneka kumapeto. Phokoso lokha ndi limene..."

"Iwe usandiuze za phokoso m'nyumba mwanga. Ine ndine mchemwali wako wamkulu, ine. Amayi athu atamwalira iwe unali usanayambe n'kuyenda komwe, amene anakubereka kumsana ndine. Sukulu ndinasiya ine kuti upite iwe. Chipinda chino ndinachimanga ndi singano, iwe ukugona pakona apo, ukunyowetsa mabulangete usiku ndi usiku, wochapa ndine."

"Zimenezo ndikuzidziwa, achemwali."

"Ukuzidziwa eti? Ndiye uzimvenso."

"Nanga makina amenewa tsiku limene munagula, anawasenza pamutu kuchokera kudepoti ndani? Si ine? Khosi langali mpaka lero silitembenukira kumanzere."

"Unawagwetsa pageti. Chopondera ichi chinapindika tsiku lomwelo."

"Kunali matope."

"Kunali mtsikana wapampopi amene unkamuyang'ana."

Nkhani imeneyi Wailesi anali ataimva kambirimbiri, moti akanatha kuinena yekha, mbali zonse ziwiri. Koma lero anaimva mwina. Amayi anali atangouza mlongo wawo kuti iwo ndi mchemwali wake, kuti amayi awo anamwalira, kuti chipinda chino n'chosokeramo, zinthu zoti amalume ankazidziwa asanamere mano. Komabe sizinamveke ngati pepala. Anasuzumira kuwindo. Belu, amene sankadziwa za banjali, anali atasiya kutafuna, kukamwa kuli yasa, akumeza chilichonse.

Ndiye kuti anthu amauzana ndithu zimene akudziwa kale. Koma sauzana kuti mnzawo adziwe. Amauzana kuti zimulowe.

Anatuluka pansi pa tebulo ulusi uli m'tsitsi.

"Kamodzi kokha," amayi anali kunena. "Kenako ine ndipalasa makina anga, kaya mtembo ulipo kaya wauka."

"Belu, lowa ukhale pafupi," anatero amalume.

Belu anali atavula kale masilipasi pakhomo.

Wailesi anaima pamalo pake. Ulendo uno sanayang'ane nsapato za mtembo. Anayang'ana achimwene ake, amene ankamutsinzinira diso limodzi kuti aseke. Anafufuza mumtima ngati anali nawo chifukwa achimwenewa, ndipo anadabwa kuti sanafufuze nthawi yaitali. Anakumbukira masiku a Lamlungu masana, amayi ataika foni pamwamba pa makina kuti achimwene akaimba aimve, iwo n'kumasoka pang'onopang'ono kuopa phokoso. Anakumbukira mmene ankanamizira kuti sakuona, akusokerera mabatani ake. Denga litayamba kudontha, amene anakwera pamwamba ndi phula anali iye, mtsikana wa fomu thuu. Ndipo mwiniwake wa zonsezi anangofika ndi chikwama chimodzi n'kufunsa ngati wailesi anaigulira mabatire.

Dzanja linatsika.

"Achimwene." Anadikira mpaka diso lotsinzina lija litatseguka. "Monga mukudziwa, inu ndinu achimwene anga aakulu."

Sanakuwe. Mawu anatuluka apansi, koma olemera, ndipo "aakulu" uja anamusiya payekha kuti anunkhe.

"Amene munachoka panyumba pano zaka zisanu zapitazo. Kukaphunzira upolisi." Upolisiwo anaunena ngati mmene amayi amanenera za nsalu yotchipa. "N'kundisiya ine, mchemwali wanu wamng'ono, ndi amayi athu. Amene ndi telala." Apa analoza makina osawayang'ana, ngati akuti mwina mwaiwala chimene chinakudyetsani. "Tsopano mwabwera. Chifukwa m'chipinda chino, chimene amayi athu amasokeramo, mwapezeka munthu wakufa."

Anakankha mapilo ndi phazi. Nsapato imodzi inagwera chammbali.

"Amene ndi uyu."

Sanasinthe liwu ngakhale limodzi. M'chipinda munali zii, ngakhale tambala wa aneba anasunga ulemu. Amalume anakodola achimwene ndi chala kuti ayankhe.

Achimwene anakanda kumbuyo kwa khosi, pini n'kuwabaya, koma sanadandaule.

"Kumene kuja netiweki inkavuta, iwe," anatero.

"Zimenezo palibe papepala," ananong'ona amalume. "Za njinga. Nena za njinga."

"Komanso ndinkatumiza moni kudzera kwa amalumewa. Afunse."

"Ine usandilowetsemo, ndili kuseri kwa kamera."

"Moni wake uti?" anafunsa amayi. Anali atakhala kale pamakina, akuyesa kulowetsa ulusi pasingano, ulusi ukuphonya.

Amalume anazimitsa foni msangamsanga n'kuimasula pandodo. Anaonera atakhala pamtembo, nkhope ili pafupi ndi galasi la foni, kenako anabwezanso n'kuoneranso. Wailesi anaima pomwe anali, akudikira kuti amuuze kuti wapolisi sakalipiridwa. Achimwene ankayang'ana panja ngati kumsewu kwachitika zachilendo.

"Mbali ya mnyamatayu tidzajambula payokha," anatero amalume pomaliza. "Koma yakoyi ikhala momwemu. Belu, pepa mwanawe."

"Ine ndikanamwetulirako," anatero Belu, akuvala masilipasi. "Nanga wopha munthu uja mwamupeza kale?"

"Udzabwere Loweruka."

Gawo linali la Wailesi. Ankafuna kuthawira kugalasi kuti akaone ngati nkhope yake yasintha, koma amalume anali atamugwira kale dzanja, maso akuwala moopsa.

"Mwana iwe uli ndi mphatso. Iweyo umatha kufotokoza zinthu. Wandipulumutsa, ukudziwa? Paja pakati pa filimuyi pali pamene wapolisi akuthamangitsa chigawenga pagalimoto. Galimoto ndasakasaka, aliyense akukaniza yake. Ndiye sitijambulanso. Ufotokoza iweyo."

Anatembenuza pepala lina n'kuyamba kulemba atalitsamiritsa patebulo lodulira, akuwerenga mokweza. "Achimwene, monga mukudziwa, dzulo munathamangitsa chigawenga pagalimoto yanu yofiira, imene imathamanga kwambiri. Munadutsa pamlatho, umene ndi wopapatiza. Kenako tayala linaphulika, limene ndi lakumbuyo..."

"Amalume," anatero Wailesi. "Iwowa ndi amene ankayendetsa galimotoyo?"

"Eya."

"Ine ndinalimo?"

"Ayi, iwe unali kunyumba."

"Ndiye ndikuwauza ine, amene kunalibe, iwo amene analipo?"

"Monga akudziwa," anatero amalume, osadzutsa mutu. "Unene ngati muja wanenera, mokwiya. Zimakukhala."

Pepala loyamba linadzaza, anatenga lachiwiri. Makina a amayi anayamba kulira. Achimwene anadutsa kumbuyo kwake akuvula yunifolomu, n'kumugunda pang'ono paphewa osanena nthabwala iliyonse.

Wailesi analandira mapepala aja n'kuwerenga mpaka pamene galimoto inagudubuzika katatu, iye ali kunyumba. Mlatho sunamulakwire kanthu, tayala lakumbuyo ngakhalenso. Ankafunika munthu woti azimuganizira ponena zimenezi, kuti mkwiyo ubwere weniweni. Anadzutsa maso n'kuona amalume ataima ndi sokosi zobooka, akunyambita cholembera, akuyamba pepala lachitatu.

"Chabwino," anatero. "Koma pojambula muziima kumbuyo kwa achimwenewo, poti ndizikuonani bwino."